Tsiku Limene Ndinauzira Maiki ya Alamu

Pa boda ya Mchinji palibe chinthu chimene sindinagulitsepo, kupatula mwina bokosi la maliro, nalonso chifukwa palibe amene anabwera nalo. Matchaja, malamba, mankhwala a nsikidzi, nsapato ya phazi limodzi imene inzake imapezeka mawa lake. Ndinkadzitama kuti pa malonda palibe munthu angandipusitse. Mkazi wanga ankavomereza ndithu, n'kuwonjezera kuti ntchito imeneyo ndimaikwanitsa ndekha.

Kenako mawondo anayamba kukana. Kuthamangira mathiraki kuyambira m'mawa, fumbi likukulowa mpaka m'mano, mvula ikukupeza wopanda pobisala, zonsezi zimakoma uli mnyamata. Ndinkafuna pokhala pansi, ndipo ndinali nditapaona kale. Alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, ali ndi situdiyo yojambulira nyimbo kuseri kwa shopu ya simenti pa boma. Ndi zipinda ziwiri zokhala ndi galasi pakati: china cha kompyuta ndi mikisa, china choimbiramo, makoma ake omatidwa mathireyi a mazira. Pambali pa mpando wa alamu panali mpando wachiwiri, wamatayala, wopanda mwini. Ndinaupempha kambirimbiri. Ndinkati ine ndizikopa makwaya ndi kukambirana nawo mitengo, iwo azingopotokola mabatani awo.

Alamu anali ndi vuto limodzi. Mawu a anthu ankawajambula bwino, gitala chimodzimodzi, koma madiramu ankamveka ngati thandala la ziwiya lagwa. Makamaka mbale zamkuwa zija zimene woimba amamenya pamwamba, zinkachita kulasa m'khutu. Magulu okhala ndi madiramu ankangotidutsa, ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Chipata.

Tsiku lina nditayambanso nkhani ya mpando, anandionetsa chithunzi pa foni. Zinali zitsulo ziwiri zazitali ngati matochi akale.

"Awa ndi mamaiki a riboni," anatero. "Amawapachika pamwamba pa madiramu, ina uku ina uku. Amafewetsa phokoso la mbalezo. Mukandipezera awiri, alamu, mpando uwo ndi wanu. Ndi fumbi lomwe ndikupukutirani."

Ananena akumwetulira mmene munthu amalonjezera kukugulira ndege.

Ndinayenda nacho chithunzicho miyezi ingapo, kuonetsa dalaivala aliyense woima pa boda. Wina anandibweretsera makina ometera ndevu. Wina anandifunsa ngati ndayamba ufiti wamakono. Mpaka tsiku lina dalaivala wa ku Zambia, munthu wamkulu wa chipewa chachikopa, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti amalume ake anali ndi gulu loimba kumigodi, ndipo atamwalira anasiya zinthu zotere m'kabokosi. Ulendo wotsatira anabwera nako kabokosiko, kathabwa, mamaiki awiri atagonekedwa pa nsalu yofewa ngati akufa olemera.

"Mudala, izi ni za orijino," anatero. "Sizipezeka."

Ndinawafuna pomwepo, koma nkhope ndinaika ya munthu amene amuonetsa khoswe wakufa. Lamulo loyamba la kunenerera ndi lakuti chimene ukuchifunitsitsa uchinyoze.

"Zilibe batani, zilibe batire, zilibe ndi kanyale komwe. Ndigula chiyani apa, abwana? Zotchingira chitseko?"

"Ngati simufuna, siyani."

Ndinachokapo kawiri, iye n'kundiitana. Ulendo wachitatu sanandiitane, ndiye ndinabwerera ndekha n'kunamizira kuti ndaiwala cholembera. Tinagwirizana pa thumba la mtedza limene apongozi anandipatsa kuti ndiwagulitsire, foni ya galasi losweka pang'ono, ndi matchaja odzaza dzanja. Iye anapita akusangalala, ine ndinatsala ndikusangalala. Pa malonda zikatero ndiye kuti pali chitsiru chimodzi chimene sichinadzidziwe.

Alamu atatsegula kabokosiko, anakasamba kaye m'manja. Munthu amene pa ukwati wanga anadya nkhuku osasamba. Ananyamula maiki imodzi ngati dzira, n'kuyamba kufotokoza kuti m'kati muli kachitsulo kopyapyala kuposa kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, kolendewera pakati pa maginito awiri, ndipo kamagwedezeka ndi mpweya wa chilichonse cholira pafupi. Kenako anayamba malamulo. Isagwe. Izisungidwa choimirira. Batani lofiira la pa mikisa lisakhudzidwe maikiyo ili yolumikizidwa. Panali ndi lamulo lachinayi, koma pamenepo mwini shopu ya simenti anali atasuzumira pakhomo, ndipo ine ndinali kalikiliki kumufotokozera mmene ndinamuliritsira munthu wa ku Zambia.

"Mwamva, alamu?"

"Ndamva zonse," ndinayankha.

Poyesa tinaitana bambo wina wa kwa Zulu, mlimi wa mtedza amene Lamlungu amaimba madiramu kutchalitchi kwawo. Munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, manja ngati mpini wa khasu. Alamu anaimika masitandi awiri aatali, mamaiki atayang'ana pansi, ina kumanzere kwa woimbayo ina kumanja. Anatenga chingwe n'kuyeza kuchokera pa sineya, kang'oma kaja kolira ngati chikwapu, kufika pa maiki iliyonse, kuti mtunda ufanane. Anati ukasiyana, kulira kwa sineya kumafika kwina msanga kwina mochedwa, nyimbo n'kumamveka yopendekeka. Ine amene ndimayeza nsalu ndi mkono n'kubisa zala ziwiri ndinaona kuti ndi ntchito yachilendo, yoyeza moona mtima.

Bambowo anaimba, alamu n'kujambula, tinabwezera kuti timve. Madiramu anamveka ngati madiramu. Mbale zija zinkangoti waa ngati mvula pa denga la udzu. Koma pansi pa zonsezo panali kaphokoso kena, kokwakwaza, kenako kulira kodziwika bwino.

"Ndi nkhunda," anatero bambo wa kwa Zulu. Anali mawu ake oyamba tsiku limenelo.

Alamu anakanda mutu n'kuvomera kuti anaiwala. Maiki ya riboni imamva kutsogolo ndi kumbuyo mofanana, m'mbali ndiye ndi gonthi. Ukailozetsa pansi pa madiramu, msana wake umaloza kudenga, ndipo denga lathu ndi malata opanda siling'i, pamene nkhunda za pa boma zimachitira misonkhano yawo. Tinakhoma matumba ndi mabulangete kunsi kwa malatawo. Bulangete limodzi linali la pabedi pathu. Mkazi wanga anandifunsa ngati nalonso ndasinthitsa ndi matchaja.

Loweruka lotsatira ndilo linali tsiku lenileni. Ndinali nditakopa kwaya ya cha ku Guilleme, imene inali itakonza kale zopita ku Lilongwe. Ndinawauza kuti zida zimene akuzilondola kutaliko zafika pakhomo, ndipo bambo wa kwa Zulu uja adzawaimbira madiramu. Alamu anati gulu limeneli likatuluka lokhutira, Lolemba ndiyambe kukhala pa mpando uja. Ndinavala jekete.

Akwayawo anafika pa lole cha m'ma naini. Wowatsogolera anali mayi wina amene anapuma pa uphunzitsi, wa magalasi otsikira pamphuno, mtundu wa anthu amene akakuyang'ana umakumbukira kuti sunamalize sukulu. Analowa m'chipinda choimbira, anthu ake ali pambuyo, n'kuyang'ana m'mwamba. Anaona mabulangete. Anaona mamaiki.

"Achimwene, tizitsulo iti ndi timene mwatiletsera ulendo?"

"Ndi timeneti, amayi. Ku Lilongwe angakuuzeni kuti amangotimva."

"Tikugwira ntchito koma? Sitikuyaka paliponse."

Tsono apa ndidziteteze pang'ono. Munthu aliyense wobadwira m'dziko muno amadziwa mmene amayesera maiki. Pa ukwati, pa maliro, pa msonkhano wa makuponi, amene wapatsidwa maiki amayamba waigogoda ndi chala, kenako amaiuzira, fuu fuu, ndipo ikabangula anthu amadziwa kuti mwambo wayamba. Abusa amatero. Olengeza chipereko cha perekaniperekani amatero. Ine sindinapeke chilichonse, ndinangotsata mwambo wa makolo.

Alamu anali kuseri kwa galasi, mahedifoni kumutu, atawerama kulumikiza zingwe. Ndinakoka kireti ya mabotolo, n'kukwerapo ndi jekete langa, n'kusendeza milomo pa maiki ya kumanzere. Ndinkafuna amayi aja amve ndithu, ndiye ndinauzira mmene umauzira moto wa nkhuni zonyowa.

M'chipinda chathu simunamveke kanthu. Koma kuseri kwa galasi ndinaona alamu akudumpha, mahedifoni akuuluka. Anaima n'kundiyang'ana. Kenako anatsegula chitseko pang'onopang'ono.

"Alamu, mwatani?"

"Ndimangoyesa."

"Lamulo lachinayi linali loti chiyani?"

Ndinayang'ana kwaya. Kwaya inayang'ana ine. Ndinali ndikadali pa kireti.

"Osauzira," anatero bambo wa kwa Zulu ali pa madiramu ake. Iye sanalipo tsiku la malamulo, koma alamu anamuuza kamodzi kokha ndipo anasunga.

Anamupempha kuti amenye sineya. Mbali ya kumanja inalira bwinobwino. Ya kumanzere inkanjenjemera ngati mavu atsekeredwa m'chitini. Alamu anaitsitsa maiki ndinauzira ija, anamasula tizomangira, n'kutsegula. Kachitsulo kaja kanali katatamuka, katatsamira pa maginito ngati chitenje chonyowa pa chingwe. Chinthu chimene chinapirira magulu oimba a kumigodi, imfa ya mwini wake ndi mabampu onse a msewu wa Chipata, chinadzafera pakamwa panga.

"Si munati kamafanana ndi kapepala ka ndudu?" ndinatero motsitsa mawu. "Ndithamange pa gulosale, tidule kena."

"Thamangani, alamu. Mukagule paketi yonse, musute. Mwina mpweya uchepa."

Amayi aja anakweza magalasi awo n'kufunsa ngati ayambe kuuza dalaivala wa lole kuti atembenuke. Apo ndiye ndinatsika pa kireti. Ndinaona mpando uja ukundichokera ndi matayala ake omwe.

Alamu sanandiyang'anenso. Anachotsa sitandi imodzi, n'kusuntha maiki yotsalayo kuika pakati, pamwamba pa mutu wa woimba, patsogolo pang'ono. Anapempha bambo wa kwa Zulu kuti asendeze mbale zake zonse pafupi, ndipo azimenya ng'oma mwamphamvu koma mbale mopepuka, chifukwa tsopano khutu ndi limodzi ndipo silingasankhe lokha. Bambowo anangogwedeza mutu. Kwaya anaiimika m'mbali, kumene riboni simamva, ndi mamaiki akale a mu situdiyomo. Ine anandituma kunja kukaingitsa nkhunda, ntchito imene anati siifuna pakamwa.

Ndinakhala panja ndi jekete langa, ndikugenda malata ndi timiyala, kenako n'kuzindikira kuti timiyalato tikumvekanso m'kati. Ndinayamba kungokupiza manja. Anthu ogula simenti ankandipatsa moni mwaulemu wa kwa munthu amene mutu wayamba kusokonekera.

Anajambula nyimbo zinayi. Atamaliza anandilola kuima pakhomo pomvetsera. Madiramu anali pakati, osatambasuka uku ndi uku ngati tsiku loyesa lija, koma ofewa, olemera, omveka bwino. Amayi aja anamvetsera atatseka maso, n'kunena kuti zili bwino, ndipo adzabweranso ndi nyimbo za Khirisimasi.

"Ndiye ngati imodzi ikukwana," anafunsa, "yachiwiri ija inali ya chiyani?"

"Inali ya mpando wa alamu angawa," anayankha alamu.

Lole itanyamuka ndinadziwa kuti kwatsala kunenerera kumodzi, kwakukulu kuposa konse kumene ndinachitapo pa boda. Ndinayamba ine, chifukwa woyamba ndiye amaika malire.

"Alamu, tinapangana kuti ndibweretse awiri."

"Eya."

"Ndinabweretsa angati?"

"Awiri."

"Kwaya yakhutira?"

"Yakhutira."

"Pangano linali lobweretsa. Za kusamala sitinakambe."

Anayamba kukulunga chingwe pa chigongono. Ndinaganiza kuti ndawapanikiza. Ndinayamba kale kumva chisoni kuti ndikupondereza mbale wa mkazi wanga.

"Mukunena zoona," anatero. "Ndinalonjeza mpando. Za pamene udzakhale sitinakambe."

Anaugwira kumsana, n'kuukankha kudutsa pa mikisa, kudutsa pakhomo, mpaka pakhonde, pafupi ndi mulu wa matumba a simenti. Ndinayesa kunenerera kuti ukhale pakhomo penipeni, theka m'kati theka kunja. Anakana. Ndinapempha kuti ndizilowa mvula ikamagwa. Anati mvula ikamagwa palibe chojambula pansi pa malata, ndiye ndikhoza kulowa, bola maiki ikhale itatsekeredwa m'kabokosi ndipo kiyi ali m'thumba mwawo. Ndinavomera msanga asanachotsenso china.

Ndi pamene ndimakhala mpaka lero, pakhonde. Magulu akafika amayamba ndi ine, timakambirana, ndimawauza za riboni ngati ndinabadwa nayo. Khondelo ndi lopendekeka pang'ono, ndiye ndinaika njerwa kutsogolo kwa tayala limodzi kuti ndisapezeke ndili mu msewu. Alamu amati kachitsulo katsopano kamapezeka ku Joni, kwa anthu odziwa kukamanga, ndipo tsiku limene maiki ija idzalirenso, tidzakambirana zosendeza mpando. Madalaivala awiri andilonjeza kale kuti akandipezera kachitsuloko. Mmodzi wabweretsa waya wa mbaula.