Nkhope ya chishalo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anamwalira. Tinkakhala ku Domasi, kufupi ndi minda ya mpunga. Maliro atangotha, achibale awo anabwera ndi ngolo. Anatenga njinga, wailesi, matilesi, ngakhale mipando imene anakhalapo polira. Woloza zoti zinyamulidwe anali mng'ono wawo wa malemu, amene ife tinkati abambo aang'ono. Anatisiyira zokhazo zimene anaziona ngati zinyalala: khasu lakutha, nyali yopanda galasi, tcheni chadzimbiri, jekete lodyedwa ndi makoswe, ndi chishalo chakale cha njinga chimene bambo anachichotsa kuti adzachisoke.

Palibe anandiuza kuti ndizilumikize. Ndinangoyamba. Mpini wa khasu unakhala msana, ndipo ndinapingasa nsungwi kuti ikhale mapewa. Tcheni ndinachizunguliza m'chiuno ngati lamba, nyali n'kuipachika kudzanja. Mayi anangomasula waya woyanikira zovala n'kundipatsa. Chishalo chija nditachiimika, mbali yosongoka pansi, chinaoneka ngati nkhope yachibwano chachitali monga ya bambo. Ndinachiika maso a zitsekerero za mabotolo. Jekete limene ndinaveka pamapewapo linali likununkhabe fodya ndi thukuta la bambo.

Ndinamuimika munthu wangayo pansi pa mtengo wa mango, kuyang'ana kumsewu. Mlongo wanga wamng'ono, Tadala, amene anasiya kuyankhula tsiku la maliro, anayamba kumapita pamenepo m'mawa n'kumati, "Mwadzuka bwanji, ababa?"

Tsiku lina abambo aang'ono anatulukira akukankha njinga ija, akutafuna nzimbe n'kumalavula paliponse. Chishalo cha panjingapo chinali chitathyoka. Ataona chinthu changa anaima, nzimbe n'kugwa. "Achimwene anga ine!" analira, misozi ili chuchuchu. Anamina ndi zala, mamina n'kuwapukutira pa mkono wa jekete la bambo. Kenaka anapendeka mutu, nayang'anitsitsa.

"Alamu," anatero kwa mayi, "chishalochi si cha njinga yomweyi?"

Anayamba kupotola waya, akufwenthabe. Ndinawagwira mkono, koma mayi anandikoka. "Asiye," anatero motsitsa mawu. Maso aja abambo aang'ono anawakolokotola ndi chikhadabo n'kuwataya pansi. Anamanga chishalo panjinga, anachikhalira, n'kudzigwedeza uku ndi uku kuti amve ngati chakhala bwino. Anatsanzika mwaulemu ndithu. Ine ndinathamangira kuseri kwa khitchini n'kukasanza.

Nditabwerako ndinapeza Tadala akutola zitsekerero zija m'fumbi. Mayi anatulutsa chivindikiro chopindika cha poto. "Amene anapanga nkhope ija ndi iweyo," anatero. "Manja sanakulande." Ndinaikapo chivindikirocho madzulo omwewo. Sichinafanane ndi bambo ngakhale pang'ono, koma Tadala anapitiriza kupereka moni.

Lero ndimapanga zinthu zotere ku Zomba, ndipo anthu amandibweretsera zotsala za abale awo. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti abambo aang'ono ankalira mwachinyengo. Tsopano ndikudziwa kuti misozi ija inali yeniyeni, ndipo n'chimene chinandichititsa nseru. Munthu angathe kumulira m'bale wake ndi mtima wonse, uku maso akusakasaka choti amasule. N'chifukwa chake pamaliro sindiyang'ananso amene akulira kwambiri. Ndimayang'ana manja.