Injini ya Bambo Ili ku Chigayo

Loweruka lapitali mng'ono wanga Tendai anabwera kudzanditenga pamphambano ya ku Trelawney, pomwe kombi yochokera ku Harare imatitsitsa ife ana a m'mafamu. Galimoto ndinaizindikira ikadali patali: pikiapu yobiriwira ya malemu bambo athu, ya chitseko chimodzi chosiyana mtundu ndi chinzake. Maso anavomera, koma makutu anakana. Chimene chinkabweracho chinali kubangula.

"Mukoma, kwerani mumve nokha," anatero Tendai kwa ine mkulu wake, akuseka yekhayekha. "Ndaikamo sikisi. Tsopano ndiye yakhala mota, shuwa."

Kwa inu osadziwa, sikisi ndi injini ya masilinda asanu ndi imodzi. Anaipeza ku Chinhoyi, m'galimoto ina imene inachita ngozi. Kuti ikwane anachita kudula zitsulo, kuwotcherera zina, kusintha giyabokosi ndi rediyeta. Boneti sitsekeka bwino, ndiye anaimanga ndi waya. Nditafunsa za mabuleki, anandiyankha kuti imeneyo ndi nkhani ya mwezi wamawa.

Ndisaname, imathamanga. Ndinagwiritsitsa chitseko n'kuyamba kupemphera m'Chichewa, chilankhulo chimene ndimachikumbukira bwino kwambiri ndikachita mantha.

Koma kuti mumvetse zomwe zinachitika titafika kunyumba, ndiyambe ndakuuzani za injini yakaleyo.

Bambo anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo moyo wawo wonse anayendetsa thirakitala pafamu ya fodya. Pikiapuyi anaigula kwa mwini famu itatopa kale. Injini yake inali ya dizilo, yaulesi, yosadziwa changu. Mukamailiza inkatsokomola kawiri, n'kukhala ngati yasintha maganizo, kenako n'kuyamba kugunda. Ikafika pa kamlatho kumunsi kwa mabani a fodya, bambo ankasintha giya, ndipo komboni yonse inkadziwa kuti a Phiri akubwera. Mayi akangomva pamenepo ankatereka madzi osamba. Galimoto ikamaima pakhomo, madzi amakhala atafunda.

Bambo atamwalira, galimoto inatsala m'manja mwa Tendai. Maso a mayi anayamba kuchita ng'ala, koma makutu ndi akuthwabe. Ikatsokomola m'mawa, ankatembenuka. Ikasintha giya pa kamlatho, ankadzuka kukatereka madzi. Madziwo ankasamba Tendai, inde, koma tonse tinkadziwa amene ankawaterekera.

Ndiye Lowerukalo tinalowa m'komboni ndi fumbi ndi chiphokoso, ana akutithamangira. Mayi anali pakhonde akutonola chimanga. Sanadzuke. Moto unali wozima.

"Ndani?" anafunsa.

"Ndife, amayi," ndinayankha.

"Ine ndimayesa ogula fodya."

Anadzuka pang'onopang'ono, anafika pagalimoto n'kuyamba kuipapasa: chitseko chija, galasi long'aluka, waya wa paboneti. Ananena motsitsa mawu kuti, "Galimoto ndi yomweyi. Nanga mawu ake mwawaika kuti?"

Tendai anali atakonzeka kale. "Mhamha, ndachitira inu. Injini ija ikanatifera panjira. Iyi itidutsitsa pa malire a Nyamapanda, Tete, mpaka ku Dedza. Si mudhara ankanena kuti mota iyi idzakutengerani kumudzi?"

N'zoona, bambo ankanena. Chaka chilichonse fodya akagulitsidwa ankamenya boneti n'kulonjeza kuti chaka chamawa tikaona mapiri a kwathu. Chaka chamawacho sichinafike. Koma ine Tendai ndinamubereka kumsana, ndimamudziwa. Dedza wake ali mumsewu waukulu wa ku Chinhoyi, Loweruka masana, pomwe atsikana amatembenuka akamva injini. Mwina mumtima mwake muli zonse ziwiri, sindingamuweruze.

Mayi anangoti, "Ku Dedza ndikapezako yani? Ondidziwa onse anagona. Munthu wanga ine ndimamumva pa mlatho apo."

Anabwerera pa chimanga chawo. Ine ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale tsiku la maliro.

Awerengi anzanga, yendani m'mafamu kuyambira ku Macheke mpaka ku Goromonzi, muziona galimoto zotere. Thupi la agogo, mtima wa mnyamata. Sindikuwanyoza anyamatawa, luso lawo ndi lalikulu, ndipo galimoto yatsopano adzaiona kuti? Ndimamvetsanso chimene amafuna. Ife ana a m'komboni tinakula tikutchedwa alendo m'dziko lomwe tinabadwiramo. Makolo athu anaphunzira kuyenda chamunsimunsi, kulankhula motsitsa, kusadzionetsera. Ndiye mwana wawo akapeza injini yoti tauni yonse imumve, mumuletsa bwanji?

Funso langa ndi lina. Tinafunsa yani?

Tikapeza kangachepe timathamangira kwa makolo kukawakonzera moyo. Timataya mpando wothyoka mwendo n'kubweretsa sofa. Timachotsa wailesi yomangidwa ndi mphira n'kuwapatsa foni imene satha kuiyankha. Timati tikuwathandiza, ndipo timayembekezera kuti atithokoze. Koma anthu amenewa anasiya mudzi, manda a makolo awo, abale awo, zonse kutsidya kwa malire awiri. Zimene zinawatsalira ndi tinthu tating'ono tosaoneka bwino, ndipo ndi tomweto timene ife timayamba kutaya. Kodi ndani anatiuza kuti chinthu chikakalamba ndiye kuti chasiya ntchito? Injini ija inali pantchito tsiku lililonse, ngakhale kuti ntchitoyo siinali yokoka galimoto yokha.

Lolemba m'mawa mayi anafunsa komwe injiniyo inapita. Tendai, mutu uli pansi, ananena kuti anaipereka kwa bambo wina wa pafamu yoyandikana nayo, mwana wa anthu a ku Tete, amene anaimangirira ku chigayo chake.

"Ufa watha," anatero mayi.

Ufa unalimo m'nyumba, wodzaza ndowa. Ndiponso chigayo china chili pafupi, kuseri kwa tchalitchi. Palibe anatsutsa. Tinanyamula chimanga chija n'kuwakweza mayi m'galimoto. Tendai anayendetsa pang'onopang'ono kwambiri moti njinga inatipitirira, ndipo sikisi yake inkadandaula njira yonse.

Tinapeza chigayo chikugaya kale. Injini ya bambo inali pa simenti, yomangidwa ndi mabawuti, lamba akuzungulira, yatuwa ndi ufa. Inkalira mawu amodzimodzi osasintha, chifukwa pachigayo palibe mlatho, palibe giya. Mayi anakhala pathumba n'kumvetsera nthawi yaitali, nkhope ili yosakhutira.

Kenako anaitana mwini chigayo. "Mwana wanga, taizimitsani."

Bamboyo anatiyang'ana ife, ndipo Tendai anagwedeza mutu kuvomera. Injini inazima. Amayi ena amene ankadikira ufa wawo anayamba kung'ung'udza.

"Tsopano ilizeni."

Inatsokomola kawiri. Inakhala ngati yasintha maganizo. Kenako inayamba kugunda.

Mayi anakonza duku lawo n'kukhala tsonga, monga ankachitira galimoto ikamaima pakhomo. Tendai anatuluka panja, akuti kukaona matayala.

Ine ndabwerera ku Harare, ndipo Tendai walonjeza kukonza mabuleki, komanso kuti ulendo wa ku Dedza ulipo ndithu chaka chamawa. Mawu amenewo ndinawamvapo kale. Dzulo anandiimbira foni kuti mayi ayambanso kutonola chimanga, ndipo akuti ufa watha.