Zala za Zalaziwiri

Padoko ankamutcha Zalaziwiri, chifukwa ukonde uliwonse ankauyeza ndi zala zake. Zikalowa ziwiri m'diso la ukonde, basi, ndi wovomerezeka. Kachitsulo koyezera ka alangizi a za nsomba ankati n'ka anthu opanda manja. Malamulo onse ankawanyoza, makamaka lotseka nyanja.

"Ati nsomba zipume! Nanga ine ndinapumapo liti?"

Chaka chimenecho anapuma mosafuna. Bwato pamtunda, mwiniwake pakhonde, mkazi wake akungosintha mbale. Munthu anadya ngati akulanga boma, mpaka lamba anamuboolanso kawiri.

Nyanja itatsala pang'ono kutsegulidwa, anatulutsa ukonde watsopano, womwe anagulitsira njinga yake yamoto. Pogula, nyanja isanatsekedwe, anauyeza yekha. Koma tsopano atapisa zala, zinakana. Anayesa diso lina, zinakananso. Thukuta linali kamukamu, chifukwa ukonde wa maso aang'ono alangizi amaulanda n'kuuwotcha anthu akuona, ndipo tsikulo ankayendera asodzi khomo ndi khomo.

"Mayi a ana, tathedwa! Maso a ukonde afota!"

Anaukokera kuchipinda n'kuukankhira pansi pa matiresi. Bedi linatumphuka ngati chulu, chingwe n'kutsalira pabalaza. Mlangizi, mayi wodekha wamagalasi, atalowa anangotsatira chingwecho.

"Bambo, bedi lanuli limaphanso nsomba?"

Zalaziwiri, amene sanagwadirepo munthu wa boma, anagwada.

"Pepani mayi, afota okha. Taonani!" Anakankha zala zija, zinakana.

Mlangizi anatulutsa kachitsulo kake. Kanalowa bwinobwino, diso ndi diso.

"Ukondewu ulibe mlandu, bambo."

Mkazi wake anayang'ana zala za mwamuna wake, zonenepa ngati nthochi, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Abambo inu! Mphete yaukwati ija sitinachite kudula ndi pulayala mwezi watha?"

Chimwemwe cha Zalaziwiri ndiye chinali chosaneneka. Anadzikulunga ukonde m'khosi, n'kutuluka akuvina mumsewu osavala nsapato, akuuza aliyense kuti wafota si ukonde ayi, watupa ndi iye. Atabwerera anapempha mlangizi kuti amupezere kachitsulo, koma asauze anzake.

"Ndiye lamulo lotseka nyanja mwagwirizana nalo tsopano?" anafunsa mlangizi.

"Ayi ndithu, ndi lankhanza!" anatero Zalaziwiri akupuma wefuwefu. Kenako anayang'ana zala zake, n'kutsitsa mawu. "Koma ngati nsombazo zanenepa ngati ine, mayi, chaka chamawa mudzatsekenso."