Kubwera Kunyumba Nditasamba Kale

Ntchito yanga ku Toronto m'zaka za m'ma 1970 inali yosakaniza ufa wa zitsulo ziwiri, titaniyamu ndi beriliyamu. Tinkauthira m'chitini, n'kuutentha, n'kuupanikiza ndi makina mpaka ugwirane, ukhale chitsulo chopepuka koma chosapindika. Moto ukachepa, ufawo sunkagwirana. Ukachuluka pang'ono, chitsulocho chinkangosweka ngati mbale yadothi. Zimenezo zokha zinkandikwana.

Koma chimene chinandisowetsa mtendere ndi kusamba. Fumbi la beriliyamu limawononga mapapo, choncho poweruka tinkavula zovala zantchito, n'kuzisiya konko, n'kusamba thupi lonse. Ndinkakwera basi ya ku Scarborough, kumene tinkakhala, ndikununkhira sopo.

Mkazi wanga anali atangobwera kumene kuchokera kumudzi ndi mwana wathu wokwawa. Kwathu mwamuna akabwera kunyumba atasamba kale, aliyense amadziwa kumene wachokera. Iye ankandidzazira madzi m'bafa, ine n'kumati ndasamba. Akafunsa zovala zoti achape, ndinkati amachapa kuntchito.

"Amachapa ndani, bambo a mwana?"

Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma, koma ayi ndithu. Nkhani inakafika kwa mkulu wa mpingo wathu ku North York, amene ankatiimira ngati ankhoswe. Anabwera Lamlungu masana, namvetsera za ufa wanga akugwedeza mutu.

"Achimwene," anatero, "tsiku limodzi lokha mubwere osashawa, zovalazo mutenge. Mayiwa achape, mtima ukhale pansi."

Ndinapsa mtima mpaka kuiwala ulemu. Ndinati fumbilo silioneka, limakakamira m'nsalu, wokutumula malaya amalipuma, mwana wokwawa pansi amalipumanso. Ndinati bola banja lithe kusiyana n'kuti ndilowetse zimenezo m'nyumba mwanga.

Mkazi wanga anayang'ana mwana nthawi yaitali. Ndinaona kuti wakhulupirira, ndipo mtima wanga unayamba kutsika. Koma atatembenukira kwa ine, nsanje ija inali itasanduka mantha.

"Ngati malaya anu okha angaphe mwana, nanga eni malayanu mumapuma chiyani tsiku lonse?"

Ndinatchula zophimba kumphuno ndi makina okoka fumbi, koma mawu angawo sanandigwire mtima ngakhale ine ndemwe. Lolemba m'mawa, nditavala jekete kuti ndikakwere basi, ndinamupeza ataima pakhomo, mwana ali kumsana, atanditsekera njira.