Msomali wa pa khoma la kumpoto

Swadick wa ku Nkopola ndi munthu woperekera zakudya pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Ngwaulemu, sadziwa kukalipa, koma vuto lake ndi maso. Chilichonse chimene waona kwa azungu, mtima dyokodyoko.

Apongozi ake, Che Dinala a ku Makanjira, sankamuwerengera. Ankati mkamwini wonyamulira alendo mabotolo a mowa ndi wa chiyani? Chikwatirire mwana wawo Asiatu, anali asanapondepo pakhomo pake. Ndiye Swadick atamanga nyumba ya malata, gogoyo n'kuvomera kudzaichitira duwa, pemphero loidalitsa, mwamunayo tulo tinamuthawa ndi chimwemwe.

Anapenta, anakolopa, koma khoma limodzi lopanda windo linkamusowetsa mtendere. Ku loji khoma silikhala mbee choncho. Basi uyo ku tauni, n'kubwerako atakumbatira chithunzi cha mu felemu yagolide, cha galasi lake: mzungu wamakedzana ali pa hatchi, agalu osaka atamuzungulira, malilime panja. Wogulitsa anati chenicheni chili ku Ulaya, ichi ndi chosindikiza.

"Bambo a kuno, agalu m'nyumba?" anafunsa Asiatu.

"Agalu apepala saluma, mayi. Izi ndi zaluso."

Anakhoma msomali, n'kupachika. Za mbali imene khomalo layang'ana, ayi ndithu, sizinamudutse m'mutu. Munthu woswalira ku mzikiti Lachisanu lokha angazikumbukire pati?

Che Dinala anatsika lole masana, fumbi mpaka m'ndevu. Atatawaza, kusamba kokonzekera pemphero, anafunsa kumene kuli chibula, mbali ya ku Maka. Asiatu anayang'ana pansi, n'kuloza ndi chala. Khoma lomwelo! Kuti gogoyo agwetse mphumi pansi, ndiye kuti agwadira mzungu ndi agalu ake.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangopinda mkeka wawo woswalirapo, natuluka, nauyala pa mchenga wotentha pafupi ndi khola la abakha. Amayi ochokera ku mjigo anaima, ndowa zili pamutu, kuonerera mlendo wolemekezeka akuswalira padzuwa pamene nyumba yatsopano ili pompo, chitseko chili pululu.

Swadick manyazi anamugwira. Anatsitsa chithunzi chija, n'kukagwada pambali pawo.

"Ababa, ndachotsa. Lowani, chonde."

"Zikomo, mwanangu. Lero mtima sunakhale. Duwa tidzachita ulendo wina."

Anadyera pakhonde, nagona kwa m'bale wawo ku tauni. Kenaka mvula inadula msewu wa ku Makanjira, miyendo yawonso inayamba kutupa. Ulendo winawo mpaka lero sunachitike.

Chithunzi chili kunsi kwa bedi, chayang'ana pansi. Swadick masiku ano amaswali m'nyumba, nthawi zonse osaphonya. Asiatu anamuuzapo kuti azule msomali uja, iye anakana. Akaimirira kuyang'ana ku chibula, msomaliwo umakhala pamaso pake penipeni.