Belu la a Rowland

Mukamufunsa Fatsani Kamwendo kuti kwanu n'kuti, satchula Ntcheu kapena Mulanje. Amati kwawo ndi ku Ashlow Green, kamudzi ka Angerezi kamene kali kumalire a London, kupitirira kumene sitima ya District imathera. Amalawi anzake a ku Barking amafa nazo ndi phwete: dalaivala wa basi, wakuda bii, n'kumati mudzi wake ndi wa azungu! Koma munthuyo sanama.

Makolo ake anathawa ku Malawi nthawi ya chipani chimodzi, iye ali kumsana. Mayi ake sanapirire kuzizira kwa kuno, anamwalira chaka chisanathe. Bambo ake, posowa pogwira, anamvera mbusa wina amene anawapezera banja lakumudzi loti liwasungire mwana. Umu ndi mmene Fatsani anagwera m'manja mwa a Rowland Pettit, wantchito wapafamu, amenenso ankakumba manda ndi kuliza belu la tchalitchi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mwambiwu a Rowland sankaudziwa, koma anauchita. Nsapato akagulira mwana wawo wamkazi, Amanda, ankaguliranso Fatsani, ndipo khofi la pakhutu linkagwa pa onse awiri mofanana.

Mudziwo Fatsani anaudziwa ndi mapazi. Ankatola mbatata m'matope zala zitauma gwa, ankaba maapozi kwa mbusa, ndipo tsiku lina anamira mpaka m'khosi padziwe la abakha. Poyenda, a Rowland sankatseka pakamwa. Ankamusonyeza dzenje limene bomba linakumba m'munda wa kabichi nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nyumba imene kale ankasuliramo zitsulo za akavalo, ndiponso mpanda umene mabanja awiri anadanirana mpaka kulowa nawo m'manda.

Koma chachikulu chinali belu. Munthu wa m'mudzimo akamwalira, a Rowland ankaliliza pang'onopang'ono, kulira kumodzi chaka chimodzi cha moyo wa malemuyo. Anthu ankaima m'minda, n'kuvula zipewa, n'kumawerenga. Belu likamatha, aliyense anali atadziwa kale amene wapita. Fatsani anaphunzira kukoka chingwe cha belulo manja mpaka matuza.

"Mudzi wonsewu ndaulizira ine," a Rowland anamuuza tsiku lina. "Langa udzaliza ndiwe, mwana wanga. Usadzandisiye ndipite chete ngati galu."

Fatsani analonjeza. Atasinkhuka, bambo ake omubereka anamutenga kubwerera ku London, koma Khirisimasi iliyonse ankapita kukaona nkhalambayo. Kenaka kunabwera ukwati, ana, mashifiti, bondo lovuta. Maulendo anayamba kutalikirana, monga zimachitikira kwa tonsefe.

Uthenga wa Amanda unafika pafoni ali pa depoti: bambo atisiya. Atafika kunyumba anapeza mkazi wake Wezzie, namwino wa kuchipatala, akusita yunifomu. Wezzie atangomva anazimitsa simbi.

"Tiyeni, bambo a Junior. Ndiimba ku ward, wina andigwirire shift. Tikagone konko."

"Iyayi, mayi a Junior, azungu satero. Funeral yawo imatenga ma week. Amayamba akonza zonse, kenako amakuitana. Ukangofika wekha umawapatsa stress."

"Kuitana? Pamaliro? Maliro n'kulirana, bambo. Munthu anakulerani uja mukudikira invitation?"

"Anthu awa ndimawadziwa ine. Ndinakulira m'nyumba mwawo."

Apa ndiye panali pogona nkhani. Fatsani ankanyadira kuti Angerezi amawadziwa kuposa Mmalawi aliyense, ndipo ulemu wawo wosafuna kuvutitsa munthu anauyamwa wonse, ndi nsenga zomwe. Anatumiza khadi ndi maluwa. Suti yakuda anakaichapitsa, n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Madzulo ankafinya kampira kuti manja akhwime, poti belu lija ndi lolemera. Foni ikalira ankadzidzimuka, koma sanali Amanda. Wezzie ankangomuyang'ana, n'kupukusa mutu.

Mwezi utatha, mtima unakana. Anavala suti ija, Wezzie n'kutenga chitenje, ulendo. Minda ya mbatata anaipeza itamera nyumba zofanana ngati mazira, galimoto ziwiriziwiri pakhomo. Anapeza Amanda, tsitsi lili mbuu, akulongedza katundu wa a Rowland m'makatoni. Anakumbatirana nthawi yaitali.

"Mwambo uli liti, mlongo wanga?" Fatsani anafunsa m'Chingerezi.

Amanda anagwetsa nkhope. "Unachitika kale, Fatsani. Manda a patchalitchi anadzaza, ndiye thupi tinakaliwotcha. Tinalipo ine ndi mwamuna wanga basi."

"Osandiuza?"

"Ndinakudikira. Ndinkati ukangomva ubwera, monga muchitira kwanu. Nditaona khadi ndinati watanganidwa, ndipo sindinafune kukuvutitsa."

Fatsani anakhala pansi pa katoni. Iye anadikira mwachizungu, mlongo wake anadikira mwachimalawi, ndipo pakati pawo nkhalamba inapita yokha. Chisoni chimene chinamugwira chinali chosakanikirana ndi manyazi, moti anasowa poyang'ana.

"Nanga belu?"

"Akanaliza ndani? Odziwa munali awiri, bambo ndi iwe."

Kiyi wa tchalitchi ankasunga mayi wina dzina lake Lois, wobwera chaposachedwa kuchokera m'tauni. Za mwambowo anali asanamvepo, koma anawatsegulira. Chingwe chinali chitamangidwa pamsomali, fumbi lokhalokha. Fatsani anavula jekete, analavulira m'manja monga ankachitira a Rowland, n'kukoka.

Belu linalira, mawu ake omwe aja. Fatsani ankawerenga chamumtima, ndipo pa chaka chilichonse ankaona munthuyo: a Rowland ali mnyamata, a Rowland akukwatira, a Rowland akulandira kamwana kakuda kolira pageti. Zaka zinali zambiri, zopitirira makumi asanu ndi anayi, ndipo mapewa anayamba kuyaka moto. Pakhomo lotsegula ankaona msewu. Galimoto zinkangodutsa. Wothamanga wina anadutsa, zomvera nyimbo zili m'makutu.

Kenaka bambo wina wachinyamata, akukankha mwana pakangolo, anaima pamene panali Wezzie ndi Amanda. Anafunsa akumwetulira, ndipo Fatsani anamva bwinobwino.

"Kodi kuli ukwati lero?"

"Ndi maliro," anatero Amanda. "A Rowland Pettit."

"Pepani kwambiri. Anali a konkuno?"

Misozi inamutseka Fatsani m'maso. Anakokabe chingwe, akulira mokweza ngati mwana, mpaka anazindikira kuti chiwerengero chamuthawa. Kaya anali pa makumi asanu ndi awiri, kaya anali atapitirira, sanadziwenso. Anaima, chingwe chili m'manja, n'kutchera khutu panja. Kale akanatuluka wina m'munda kudzamukalipira kuti wamubera mkuluyo zaka. Koma m'mudzi monsemo munalibe ndi mmodzi yemwe amene ankawerenga naye.