Chitsime Chimene Chinali Pansi pa Chingwe cha Zovala

Mayi Thovu ankatsukuluza mashiti pampopi wa kuseri kwa nyumba pamene atelala, oyandikana nawo, anasuzumira pampanda.

"Mwamva, anzanga? Akuti mapaipi a kuno onse awola. Madzi atseka mawa."

"Sabata imodzi?"

"Mwina chaka. Tungiranitu m'zidebe."

Anthu ankawatchula Mayi Thovu chifukwa m'manja mwawo simunkachoka sopo. Chimwalirireni amuna awo, ankadya za kuchapa: mayunifolomu, mabulangete, makatani a m'maofesi. Ndi manja omwewo ankaphunzitsa ana awo aakazi awiri.

M'mawa mwake mpopi unatsokomola kawiri, n'kukhala chete.

Kwa sabata zitatu ankakatunga kumjigo wakutali, koma zidebe zinayi patsiku sizichapa bulangete. Makasitomala anayamba kudzatenga zovala zawo zosachapa, ena akupepesa, ena osawayang'ana kumaso. Nesi mmodzi yekha anasiya mayunifolomu ake. "Muzichapa pamene mungathe, mayi," anatero. "Ine sindipita kwina."

Kenako anabwera alamu awo, mng'ono wa malemu, woyendetsa lole. Nyumbayo inali ya bambo a abale awiriwo, choncho alamuwo nawonso anali ndi mawu pa malowo.

"Alamu, nyumba yopanda madzi ndi khola," anatero osakhala n'komwe pansi. "Pali munthu akufuna malowa. Tigulitse, inu mukakhale kwa achemwali anu."

"Malemu ankanena kuti pabwalo pano panali chitsime," anayankha Mayi Thovu. "Ankati bambo anu anachitseka mapaipi atabwera."

Alamuwo anaseka. "Chitsime? Ine ndinabadwira pano. Achimwene ankakonda kucheza basi. Mwezi uno ukatha ndibwera naye wogulayo."

Mayi Thovu sanakangane nawo. Analowa kuchipinda, nagwada, napemphera mawu ochepa: "Ambuye, ngati chilipo, nditsegulireni maso."

Anayamba kukumba pafupi ndi mpanda, pamene udzu unali wobiriwira. Masiku anayi akulimbana ndi piki yobwereka kwa atelala, anafukula zitini zadzimbiri, mabotolo osweka ndi nsapato imodzi. Linali dzenje lakale la zinyalala.

"Mwachipeza chuma cha apongozi," anatero atelala, akuwapatsira kapu ya tiyi pamwamba pa mpanda. "Inzake ya nsapatoyo ikapezeka, ndivala ine."

Anaseka onse awiri, ngakhale m'manja mwa Mayi Thovu munali matuza okhaokha.

Anayesanso pansi pa mtengo wa mapeyala. Anapeza mizu yokha. Apa n'kuti alamu aja akuuza anthu kusitolo kuti chisoni chawasokoneza mutu mayiwo. Mawuwo anawafika. Anangomanga nsalu m'manja n'kukwirira dzenje lachiwirilo.

Kutatsala masiku asanu kuti mwezi uthe, anachapa mayunifolomu a nesi uja ndi madzi a kumjigo, napita kukayanika. Chingwe chawo chinkachokera pakhoma la nyumba n'kukathera pamizati iwiri yachitsulo yoyandikana, yolumikizidwa ndi chitsulo chopingasa pamwamba. Mizatiyo anaipeza pomwepo tsiku limene anakwatiwa, ndipo sanafunsepo ntchito yake.

Chingwe chinali chitakhwepa. Pochikunga, chala chawo chinalowa m'kamzere kozama, kosalala, pakati pa chitsulo chopingasacho. Kamzereko anali atakakhudza kwa zaka makumi awiri, koma tsiku limenelo anaima.

Munthu wochapa amachidziwa chingwe. Chingwe choyanikira sichiyenda, chimangokhala pamene wachimanga. Chitsulo chimadyeka motero ndi chingwe chokwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku, chitanyamula chinthu cholemera.

Anayang'ana pansi. Anali ataima pamalo pomwe ankaika beseni nthawi zonse chifukwa panali pathyathyathya ndi polimba. Anatenga piki, nagogoda ndi mpini wake. Pansi panalira ngati diramu yopanda kanthu.

"Atelala! Tabwerani mudzamve."

Atapala dothi, anapeza chivindikiro cha simenti.

Sanachitsegule okha. Anaitana okumba zitsime. Amuna anayi anasuntha chivindikirocho, ndipo mkulu wawo anatsitsa kandulo yoyaka m'chitini kuti aone ngati pansipo pali mpweya wabwino. Kandulo inazima. "Salowamo munthu lero, mayi. Chipume kaye." Anachisiya chotsegula masiku awiri, atachitchinga ndi malata kuopa ana. Atatsitsanso kandulo, inafika pansi ikuyaka.

Anatulutsa matope, njerwa zakugwa ndi chidebe chakale chobooka. M'mawa wotsatira madzi anali atakwera, oyera moti Mayi Thovu anaona nkhope yawo ili kutali pansipo. Anangovula mpango n'kupukuta nawo m'maso.

A zaumoyo anabwera, anayeza madziwo, anathiramo mankhwala, nalangiza kuti akumwa aziyamba awiritsa. Pachitsimepo anaikapo chitseko cha loko. Zovala zoyamba kuchapidwa zinali za nesi uja, ndipo chidebe choyamba kutuluka pampanda chinapita kwa atelala.

Makasitomala anabwerera mmodzimmodzi, mpaka Mayi Thovu anatenga amayi awiri owathandiza kuchapa. Nkhani yogulitsa nyumba inangozizira yokha. M'mawa uliwonse anthu a mumsewumo ankafola pabwalopo ndi zigubu, ndipo sanabwezepo aliyense, ngakhale aja ankati mutu wawasokonekera.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwakumba kawiri n'kupeza zinyalala ndi mizu. Mwina achibale omwe akukusekani. Musaponye piki, mtima wanu usagwe. Pempherani, ndipo muyang'anenso bwino zimene manja anu amagwira tsiku lililonse. Mayi Thovu anaima pamwamba pa madzi awo kwa zaka makumi awiri.

Tsiku lina pamzere wa zigubu panaoneka alamu aja. Nakonso kwawo mpopi unali wouma. Atafika pamizati, chala chawo chinalowa m'kamzere kaja mosafufuza n'komwe. Mayi Thovu anaona, koma anangoti, "Bwerani kutsogolo, alamu, lole ikukudikirani."

Alamuwo sanasunthe. Anaika chigubu pansi, navula chipewa.

"Chingwe chimene chinadya chitsulochi tinkakoka ndife, ine ndi achimwene, tili ana," anatero mokweza. "Ndinkadziwa pamene chitsime chinali. Ndinakuonani mukukumba zinyalala mpaka manja kutupa, ndipo ndinakhala chete chifukwa ndinkafuna malowa agulitsidwe. Alamu, pamaso pa anthu onsewa, ndinakulakwirani. Chonde, ndikhululukireni."